Kufotokoza mtundu watsopano wa diatom wa pa matanthwe a korali

Diatom ndi kandere ka selo imodzi kokhala m'chigoba cha silika, chomwe chili ndi mbali ziwiri zovundikirana ngati bokosi ndi chivundikiro chake. Mitundu imasiyanitsidwa ndi timizere ndi timabowo ta pa chigobacho, choncho chikatsukidwa mosasamala ntchito yonse yawonongeka.

Palani ndere za pa korali yakufa kapena tapani mchenga wapansi, mulembe malo a GPS, kuya kwa madzi ndi tsiku. Gawani pawiri: gawo lina mu ethanol kuti mudzapime DNA, makamaka jini ya rbcL yomwe imathandiza kusiyanitsa mitundu, lina likhale lotsuka.

Mchenga wa korali ndi laimu, ndiye potsuka yambani ndi asidi wa HCl wa 10% mpaka thovu litaleka. Kenako tenthetsani mu hydrogen peroxide wa 30% kuti za m'kati mwa selo zisungunuke. Musapitirize muyeso, pakuti zigoba zopyapyala, monga za ma diatom a gulu la Licmophora, zimasweka msanga. Tsukuluzani kasanu kapena kuposa ndi madzi opanda mchere. Mchere ukatsalira umauma n'kuphimba timabowo tomwe mukufuna kuona. Dontho limodzi la zigoba zotsukazo liume pa kagalasi, mumate pa silaidi ndi utomoni wotchedwa Naphrax. Lina lipite ku maikulosikopu ya SEM (yoonera ndi ma elekitironi), mujambule kunja ndi m'kati momwe.

Poyeza m'pamene ambiri amalakwitsa. Diatom ikamagawikana, mibadwo yake imanka icheperachepera ndipo maonekedwe amasintha, moti kakang'ono ndi kakakulu ka mtundu umodzi tingaoneke ngati mitundu iwiri yosiyana. Yezani zigoba zosachepera 30, zazikulu ndi zazing'ono: kutalika, m'lifupi, ndi timizere tingati pa 10 µm (1 µm ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Samalani ndi gulu la Cocconeis, chifukwa mbali imodzi ya chigoba ili ndi mng'alu wotchedwa raphe, ina ilibe. Mukapanda kupeza chigoba chathunthu mungatchule chinthu chimodzi maina awiri. Kwa gulu la Mastogloia, werengani tizipinda ta m'mphepete totchedwa partecta.

Musanapereke dzina, fufuzani mu DiatomBase ndi AlgaeBase, nkhokwe za pa intaneti za maina a ndere, ndipo ngati n'kotheka onani masilaidi akale enieniwo a mitundu yodziwika kale, osati zojambula zokha.

Malamulo a ICN, otsogolera katchulidwe ka maina a ndere, bowa ndi zomera, amafuna chithunzi, holotype imodzi (chitsanzo chosungidwa choimira dzinalo), ndi dzina la malo omwe yasungidwa, monga Natural History Museum ku London. Kuyambira pa 1 Januwale 2012 kufotokozako kumaloledwa m'Chilatini kapena m'Chingerezi. Lembani malo a chigobacho pa silaidi pogwiritsa ntchito England Finder, silaidi ya timabokosi ta manambala yolozera malo, kuti wobwera pambuyo panu adzachipeze.