Ukapita ku Pilgrim's Rest, uyende chonchi

Ambiri akapita ku Mpumalanga, chigawo china cha ku South Africa, amangothamangira ku God's Window ndi Bourke's Luck Potholes, kujambula zithunzi basi n'kubwerera, koma pali katawuni kena pafupi ndi Graskop kotchedwa Pilgrim's Rest, ndipo ine ndimati ukapatse tsiku lathunthu, osati kungoimako ola limodzi ayi.

Ukamachokera ku Johannesburg nyamuka m'mamawa ndithu chifukwa ndi ulendo wa maola anayi kapena asanu, udutse Dullstroom ndi Mashishing (ena amati Lydenburg mpaka pano) kenako ulowe msewu wa R533 wotsika ku Robbers Pass. Msewuwu ndi wokhotakhota, nkhungu imatha kugwa mwadzidzidzi, ndiye mabuleki akhale abwino komanso utenge juzi.

Mbiri yake kaye, kuti zimene uziona zikupatse tanthauzo. Mu 1873 munthu wina dzina lake Alec Patterson, amene ankakankha katundu wake yense pa wilibala mpaka anthu anangomupatsa dzina loti Wheelbarrow, anapeza golide mu kamtsinje ka m'chigwachi. Ankafuna kubisa koma nkhani ya golide sibisika, William Trafford nayenso anapeza, posakhalitsa chigwa chonse chinadzaza matenti. Kenako kunabwera kampani ya Transvaal Gold Mining Estates, migodi n'kumalowa pansi, mpaka inatsekedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mu 1986 tawuni yonse inasanduka chikumbutso chotetezedwa ndi boma, n'chifukwa chake nyumba zake zikadali zomwe zija za malata ndi matabwa, khonde kutsogolo.

Galimoto uisiye, uyende wapansi. Yambira ku manda akale amene ali pamwamba pa phiri, kukwera kwake kumatopetsa koma usaleke. Manda onse analoza mbali imodzi, kupatula amodzi amene anagona mopingasa, kumpoto ndi kumwera, pamtanda pake analemba kuti Robber's Grave. Akuti anali wakuba m'matenti a anzake. Ukhale pamenepo kanthawi, uwerenge miyala inayo, uona mayina a anthu ochokera kutali, Wales, Australia, ena anafa ali anyamata ndithu. Ndipo ufunse wokuperekeza za anthu akuda amene ankakumba pansipo, anali ochuluka kwambiri koma mayina awo suwapeza pa miyala yokongolayo, ine zimenezi zimandikhudza.

Ukatsika pita ku Diggings, kumene amakuonetsa kasefedwe ka golide. Umatenga mbale yaikulu, kuika mchenga ndi madzi, n'kumapukusa pang'onopang'ono utaipendeketsa, mchenga wopepuka uzituluka, golide poti ndi wolemera amatsalira pansi ngati kachidutswa konyezimira. Usapupulume, ukafulumira umataya zonse.

Masana ulowe mu Royal Hotel uone bala yake, amati kale inali tchalitchi imene anaiphwasula n'kuibweretsa pa ngolo kuchokera ku Mozambique. Nthawi ikakhalapo pali Alanglade, nyumba ya bwana wa mgodi ya mu 1915, uyerekeze ndi timanyumba ta m'tawuni muja. Ufunsenso za Veld Pond, ndalama za golide zimene Maburu anasula kuno mu 1902 nkhondo yawo ndi Angerezi ili mkati.

Matikiti a malo amenewa ufunsiretu ku ofesi ya alendo ukangofika, chifukwa malo ena amalowetsa anthu pa nthawi zoikika, ndipo utenge ma rand ena m'thumba, si aliyense wogulitsa ali ndi makina a khadi.