Tasiyani kuthira oyilo wa galimoto mu injini ya boti, ndipo muziyeza

Nyengo ya mwera ino ma injini a boti avuta kwambiri m'madoko a ku Mangochi kuno, kuyambira ku Msaka, Monkey Bay mpaka tsidya lija kwa Makanjira, paliponse dandaulo ndi limodzi, injini ikufuka utsi, ikudya oyilo, m'mawa sikulira. Ndipo aliyense akuloza chala petulo, eti wa m'zigubu amasakaniza ndi parafini. Zimenezo zilipo inde sindikukana, koma ma pulagi amene ndakhala ndikumasula akunena nkhani ina. Akuda bii, onyowa, mwaye wamata mpaka kukamwa kwake kosaoneka. Petulo yekha sachita zimenezo, ameneyo ndi oyilo, wolakwika komanso wochuluka.

Ma Yamaha Enduro athuwa, kaya wa 15 kaya wa 40, ndi a 2-stroke, oyilo amayenda limodzi ndi petulo nkupsera konko, izi ndiye nonse mukudziwa. Chimene anthu sakufuna kumva nchoti oyilo amene akupsayo akuyenera kukhala wopangidwira kupsa. Wa galimoto uja, SAE 40 amene mukugula wopungulira m'mabotolo pa msika chifukwa ngwotchipa, anapangidwa kuti azikhala pansi pa injini kumazungulira miyezi, ali ndi mankhwala ena amene akapsa amasiya phulusa. Phulusa limenelo likupita kuti? Pa pulagi, pamutu pa pisitoni, m'timipata ta maring'i, ndi potulukira utsi. Maring'i akamatirira kompuresheni imatsika, injini imayamba ulesi, ndiye woyendetsa amakankha mafuta kwambiri kuti boti lithamange, petulo nkumatha msanga, mwini zida kunyumba nkumaganiza kuti anyamata akumubera. Pena ena afika pothira oyilo wakuda wokhetsedwa m'minibasi, ameneyo ndiye sindikamba nkomwe.

Ndiye pali kayezedwe. Aaa apa ndiye pamandiwawa. Munthu wagula injini ya ndalama zankhaninkhani koma oyilo akuyeza ndi maso, kupendeketsa botolo nkumati "apa zakwana", kenako kuonjezeranso pang'ono eti kuti injini ikhale yotetezeka. Buku la injini zimenezi likuti 50:1, kutanthauza kuti malita 25 a petulo oyilo wake ndi 500ml, chigubu cha malita 20 ndi 400ml, malita 5 ndi 100ml basi. Muyezo wa 25:1 ndi wa injini yatsopano, maola 10 oyambirira okha pamene zitsulo zikuzolowerana. Koma anthu anamva 25:1 tsiku logula lija mpaka lero chaka chachitatu akadali pomwepo, ndipo akayeza ndi maso amapyolanso pamenepo. Ndiye musamati injini ikudya oyilo, injini yosakaniza m'thanki siingadye oyilo amene simunaipatse, mukuidyetsa ndinu.

Bambo wina wachikulire, mwini chilimira (khoka lophera usipa), anandiyankha pa msonkhano wa BVC, komiti yoyang'anira za usodzi padoko, kuti "alangizi, ine ndinayamba kuyendetsa injini inu musanabadwe, injini yosafuka utsi ndiye kuti yauma mkati." Anthu anaseka nkuwombera m'manja. Anapitiriza kufotokoza kuti sabata yomweyo injini yake inazima pakati pa nyanja usiku atakoka kale usipa wodzaza boti, anyamata anakoka chingwe mpaka matuza m'manja, mwera unayamba, anapalasa ndi nkhafi nkufika padoko dzuwa lili pamutu, usipa utafewa kale, amayi ogula anangopereka mtengo umene anafuna iwo. Iye mlandu anaupereka kwa makaniko kuti anamugulitsa pulagi yabodza. Pulagiyo ndinaiona, inali NGK yabwinobwino, inangomira mu oyilo.

Ndipo taonani mmene zimalumikizirana ndi vuto lina la injini kumwa mafuta, kutanthauza petulo kudzadza mkati osapsa. Pulagi ikakhala yakuda moto wake umachepa, injini sigwira msanga. Mnyamata akaona choncho amakoka choko, kaja kochepetsa mpweya kuti petulo alowe wambiri, ngakhale injini ili yotentha yangozima kumene, nkumakoka chingwe kambirimbiri uku mnzake akufinya kampira kopopera petulo ka pa paipi osaleka. Kukoka kulikonse petulo akulowa koma sakupsa, akungodzadza mkati, pulagi yomwe inali yofooka kale tsopano yanyoweratu. Mukamva fungo la petulo ndi kuona mafuta akuyandama pamadzi kumbuyo kwa boti dziwani kuti yamwa, kupitiriza ndi choko nkungoonjezera. Choko ndi cha injini yozizira, ikangotsokomola kamodzi chibwezeni mkati. Ndalankhula izi m'madoko mpaka mawu kusasa koma mawa lake mupeza zomwezo.

Mtengo wake tawerengani nokha. Oyilo wowirikiza kawiri pa ulendo uliwonse, ma pulagi osintha pafupipafupi, petulo wongotayika masiku ano pamene kumupeza nkovuta, kenako maring'i ndi pisitoni, ndiye boti likhale kumtunda kudikira ma sipeya ochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe pamene kuli mdima wabwino anzanu akupha usipa. Mwezi ukawala mwaluza basi. Osanena za moyo wa anyamata asanu ndi anayi kapena khumi amene ali m'boti lozima injini June kapena July mwera ukuwomba.

Kanthu kena kongodutsa, petulo wathu ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Ndiye osasunga petulo wosakaniza kale m'chigubu chosatseka bwino pamchenga masabata ambiri, madzi amakhala pansi nkukalowa mu kabuleta.

Zochita mwachidule poti ndatalikitsa. Gulani oyilo wolembedwa TC-W3 pa botolo, ndiye wa injini za pamadzi, wa 2T wa njinga zamoto kapena makina ochekera matabwa si womwewo ngakhale ndi wabwinoko kuposa wa galimoto. Pezani kabotolo ka 500ml mulembe mizere, kazikhala m'boti. Thirani oyilo ndi petulo pang'ono kaye, khutchumulani, kenako dzadzani. Injini ikamwa bwezani choko, giya pa nyutirolo, tsegulani mafuta nkukoka chingwe, ikakana masulani pulagi muipukute iume, kokani kangapo pulagi ili kunja kuti petulo atuluke, kachingwe ka switchi yozimitsira katachotsedwa kuti pasakhale moto, ndipo nyali zokopera usipa ndi fodya zikhale kutali. Pulagi yapadera ndi sipanala yake muziyenda nazo mu pulasitiki. Ngati petulo akudontha pa kabuleta mukangofinya kampira ndiye ovafulo imeneyo, kasingano ka fuloti katha kapena kagwira zinyalala, pitani nayo kwa makaniko musanalowe pamadzi.