Mmene ndimayambira chithunzi cha penti wa oyilo

Choyamba musathamangire kupaka penti pa kanivasi (nsalu yopentapo) yoyera mbee, imanamiza maso, mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili. Ine ndimapaka gesso (penti woyera wokonzera kanivasi) kawiri, ikauma ndimadutsitsa burnt umber (penti wa bulauni woderako) wosungunula kwambiri ndi tapentaini (mankhwala osungunulira penti) kenako nkupukuta ndi kansanza. Apo ndiye ndimajambula ndi khala, mizere ikuluikulu basi, tinthu ting'onoting'ono ayi.

Pali lamulo limodzi lomwe sindiphwanya olo zivute bwanji: penti woyamba akhale wopyapyala wa mafuta ochepa, wa pamwamba ndiye muzionjezera linseed oil (mafuta osakanizira penti) pang'onopang'ono. Chifukwa chake nchoti wa mafuta ambiri amachedwa kuuma, ndiye mukamuika pansi nkupaka wouma msanga pamwamba pake, pakapita nthawi chithunzi chimachita ming'alu ndipo zimapweteka mtima kwabasi mukaganiza ntchito yonse ija. Komanso oyilo pamwamba pa acrylic (penti wosungunula ndi madzi) zimatheka, koma acrylic pamwamba pa oyilo sagwira, amasupuka.

Yambani ndi mithunzi, kowala kubwere pomaliza. Muzibwerera mmbuyo pafupipafupi nkuyang'ana muli chapatali, kapena chionereni pagalasi, diso lokhota kaya phewa lopendekeka zimaonekera pompo. Chikakana musakakamize, chitembenuzireni kukhoma mudzachione mawa.

Mawindo azikhala otsegula, fungo la tapentaini si labwino mthupi. Nsanza zonyowa ndi linseed musaziunjike pamodzi chonde, zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni payokhapayokha kapena ziviikeni mmadzi. Vanishi musafulumire naye, dikirani kaye miyezi 6 penti aume mpaka mkati.