Mbewu isagone nyumba imodzi ndi chakudya

Alimi anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, tikamakamba za kusefukira kwa madzi ambiri mumati zimenezo n'za anthu a kumunsi, a ku Mutarara ndi m'mbali mwa Zambezi. Koma Revubue, amene anagumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize mu Januwale 2022 pa nthawi ya namondwe Ana, amayambira kumapiri kwathu konkuno. Mtsinje womwewu unalowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, mu mzinda wa Tete, mu Malichi 2019. Kenaka mu 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño, chimanga n'kuuma chisanabereke. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Tsoka lotere silibwera chaka ndi chaka, n'chifukwa chake timaliiwala. Ndipo banja likalephera kudzuka, kawirikawiri vuto silikhala kukolola pang'ono. Limakhala loti chakudya, mbewu, mbuzi ndi ndalama zinali pakhomo pamodzi, zonse n'kupita usiku umodzi.

Tiyambe ndi mbewu, pakuti ndiyo imadzutsa munda. Mukakolola, sankhani zisononkho zabwino za chimanga cha makolo, nyemba ndi mtedza. Chimanga cha haibulidi musachisunge ngati mbewu, chimabwerera m'mbuyo mukachibzalanso. Yanikani mpaka njere izilira "khwa" mukailuma. Thirani m'chigubu chouma bwino, mudzaze mpaka kukhosi kuti mpweya uchepe, mutseke zolimba. Anankafumbwe amafera momwemo. Mtedza usiyeni m'makoko. Tsopano gawani pawiri: chigubu china chikhale pathandala panu, osati pansi, china mukasungitse kwa mbale wodalirika wa mudzi wina wa kumtunda. Iyenso asungitse yake kwa inu. Ndikudziwa kuti mwezi wa Febuluwale njala ikaluma, dzanja limathamangira ku chigubu. Ubwino wa chigubu chakutali ndi womwewo, simungachitsegule usiku mwana akamalira.

Kumunda musadalire chimanga chokha. Mizere ingapo ya mbatata kapena chinangwa imadikira m'nthaka ngakhale mvula itadula, ndipo nazale ya mbatata kudimba imakupatsani chobzala msanga madzi akaphwera. Khola la mbuzi likhale lam'mwamba, kutali ndi khwawa. Ndalama za fodya kapena kachewere zisathere m'chitini cha pansi pa mphasa. Zina ikani pa M-Pesa kapena e-Mola. Chitupa cha BI, makadi a kusikelo ndi mapepala a munda muziike m'pepala la pulasitiki, malo oti aliyense m'nyumba akuwadziwa.

Za kuthawa mukambirane mvula isanayambe, ana ali pomwepo. Mudutsa njira iti yosawoloka mtsinje? Agogo adzawanyamula ndani? Nanga zingwe za mbuzi adzamasula ndani? Mafumu ndi komiti ya za ngozi ya m'mudzi adziwe nyumba zimene muli okalamba ndi olumala.

A bungwe la zanyengo la INAM ndi a bungwe la za ngozi zogwa mwadzidzidzi la INGD akalengeza chenjezo pa Rádio Moçambique kapena pa wailesi ya m'dera, nyamukani kukali kowala. Musadikire kuti muone madzi pakhonde, ndipo musayese kuwoloka mtsinje wodzaza, kaya ndi pa njinga, kaya ndi pa galimoto. Mukafika kumtunda, madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala oyeretsera madzi a Certeza, chifukwa kolera imatsatira madzi osefukira.