Kukonza ulendo wa ophunzira wokaona wailesi ya kanema

Ana ambiri kuno ku Mchinji amadziwa ntchito imodzi yokha ya pa wailesi ya kanema, yomwe ndi ya munthu wotchena amene amawerenga nkhani madzulo. Mphunzitsi amene akufuna kuti ulendo wotere ukhudze zomwe ophunzira akufuna kudzachita m'tsogolo aukonze mwakuti anawo akakumane ndi anthu omwe nkhope zawo sizioneka pa kanemapo.

Yambani ndi kalata yopita ku wailesi ya kanemayo, yosainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo ipite kudakali mwezi wathunthu. Kwa ife kufupi ndi ku Lilongwe, komwe kuli Zodiak, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma kudzera pa Kamwendo ndi pa Namitete. MBC ndi Times malikulu awo ali ku Blantyre, ndipo ulendo wa kumeneko umafuna ndalama zogonera. M'kalatamo tchulani chiwerengero cha ana, ndipo muwapemphe eni akewo kuti akuuzeni okha nthawi yabwino yofikira. Ife chaka china sitinafunse, tinangofika masana nkhani zitatsala pang'ono kuulutsidwa, ndipo ana anakhala padzuwa nthawi yaitali chifukwa panalibe woti n'kutilandira. Makolo auzidwe msanga za ndalama ya galimoto ndi kamba, ndipo aliyense avomereze polemba.

Ine ndimakonda kutenga a Fomu 2 ndi Fomu 3, chifukwa akadali ndi mpata wolimbikira maphunziro omwe angawaone kuti ndi ofunika mayeso a MSCE asanafike. Asachuluke kwambiri, poti zipinda zambiri zoulutsira ndi zazing'ono. Musanapite, afotokozereni kuti kanema wa dziko lino, Television Malawi, anayamba mu 1999 ndipo pambuyo pake anaphatikizidwa ndi MBC, komanso kuti ziphaso zoulutsira amapereka ndi a MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni m'dziko muno. Mwana aliyense alembe mafunso awiri m'kope.

Mukafika, ana adzathamangira mpando wa wowerenga nkhani kuti ajambulitse. Aloleni pang'ono, kenako pemphani kuti alowe m'chipinda chowongolera. Mmenemo ndi momwe maso amatsekuka. Adzaona makanema angapo atandandalikidwa pakhoma, munthu mmodzi akusankha chithunzi choti chipite kwa owonera, wina zala zili pa timabatani tokweza ndi kutsitsa mawu, winanso akunong'oneza wowerenga nkhani kudzera pa kachipangizo ka m'khutu. Aonetseninso galasi la kutsogolo kwa kamera momwe mawu amayenda, chifukwa ambiri amaganiza kuti wowerengayo nkhani zonse amaloweza pamtima. Mwana wokonda Fizikisi apa amazindikira kuti magetsi, mawaya ndi mphamvu yotumizira zithunzi kutali zimafuna injiniya, ndipo wokonda Chichewa amaona kuti pali wolembedwa ntchito yomasulira nkhani.

Funso lopindulitsa kuposa onse lofunsa ogwira ntchitowo ndi lakuti, "Kodi munaphunzira chiyani, ndipo kuti?" Mayankho ake nthawi zambiri amatchula Malawi Institute of Journalism, yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kapena University of Malawi ku Zomba. Afunsenso zowawa za ntchitoyi, monga kugwira usiku ndi pa tchuthi, kunyamula kamera yolemera padzuwa, ndi kufunika kotsimikiza nkhani isanaulutsidwe. Wina akabwerako atagwa mphwayi ndi utolankhani, musadandaule, naye wadziwa msanga.

Sabata yomweyo, zinthu zisanazizire, mwana aliyense alembe ntchito imodzi yomwe anaiona ndi maphunziro omwe imafuna, ndipo mufananize ndi mmene akukhozera m'kalasi. Omwe chidwi chawagwira ayambe kalabu yotola nkhani za pasukulu ndi kuziwerenga pa asembule Lolemba lililonse, wina akujambula ndi foni, wina akukonza zolembazo. Kenako lemberani kalata wailesi ya m'dera ya Mudzi Wathu, yomwe ili konkuno ku Mchinji, kupempha ngati angalole ana awiri kapena atatu kukaonera ntchito pa nthawi ya holide.