Kayezedwe ka Maso ndi Kapezedwe ka Magalasi Okuyenerani Kuno Kuchigwa cha Shire

Munthu akakwanitsa zaka 40, zilembo za m'Baibulo kapena za pa foni zimayamba kuoneka mwachimbuuzi, ndipo ambiri amangopita pamsika wa Nchalo kapena wa Bangula kukasankha magalasi pa tebulo la wogulitsa. Magalasi amenewa sali oipa onse, koma ali ndi mphamvu yofanana mbali zonse ziwiri, pamene maso a anthu ambiri amasiyana, ndipo wogulitsayo sangakuuzeni ngati chimbuuzicho chikuchokera ku ukalamba chabe kapena ku matenda. N'chifukwa chake ulendo woyamba uyenera kukhala wa kuchipatala, kumene amayang'ana diso lenilenilo asanakambe za magalasi.

Yambirani pachipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Ngati mukuchokera kutali, monga ku Makhanga kapena ku Chapananga, funsani kaye pachipatala chaching'ono cha kwanu tsiku limene a za maso amaona anthu, kuti musaononge ndalama ya ulendo pachabe. Vuto likakhala lalikulu adzakutumizani ku Blantyre, kuchipatala cha maso cha Lions Sight First chimene chili pa Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo ndi bwino kukwera chitunda cha Thabwa muli ndi kalata yokutumizani m'manja. Ku Blantyre kulinso malo ambiri olipira oyezera maso ndi kugulitsa magalasi. Musanakhale pampando, funsani ngati wokuyezaniyo analembetsedwa ndi bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala la Medical Council of Malawi. Amene anaphunzira ntchitoyi, kaya ku Mzuzu University kapena ku Malawi College of Health Sciences, sakhumudwa ndi funso lotere. Ine ndimakayikira malo alionse amene amayamba kukuonetsani mafelemu asanakufunseni ngakhale zaka zanu.

Tsiku loyezetsa liyeneranso kusankhidwa. Kuno fumbi ndi dzuwa la mu Okutobala, komanso utsi ndi phulusa la nzimbe zowotchedwa, zimafiiritsa maso, ndipo diso lofiira, loyabwa ndi lotuluka misozi silipereka muyeso wodalirika. Lichiritseni kaye, ndipo musathiremo mankhwala azitsamba. Amene ali ndi matenda a shuga adziwitse wowayeza, chifukwa shuga akakwera kwambiri mphamvu ya diso imasintha kwa kanthawi, moti magalasi opangidwa pa muyeso wa tsiku limenelo amakhala osathandiza shugayo akatsika. Tengani magalasi anu akale, ngakhale atathyoka mwendo, pamodzi ndi mankhwala amene mukumwa.

M'chipinda choyezera mudzakhala pamtunda wa mamita 6 kuchokera pa chikwangwani cha zilembo, ndipo adzayeza diso lililonse palokha. Amene sadziwa kuwerenga asachite manyazi, popeza pali chikwangwani cha chilembo E chimene munthu amangoloza kumene miyendo yake yayang'ana. Apa ndi pamene muyeso umalondola kapena kusokonekera, ndipo mbali yaikulu ili m'manja mwanu. Musatsinzine diso kuti muone bwino, musasuzumire ndi diso lotsekedwalo, ndipo musavomere chilichonse chifukwa cha ulemu. Tinaleredwa kuti tisatsutse adokotala, koma akakusinthirani magalasi awiri n'kufunsa kuti loona bwino ndi liti, kuyankha kuti onse akufanana kapena kupempha kuti abwerezenso ndi yankho loyenera ngati ndi mmene zilili. Fotokozaninso ntchito yanu, chifukwa telala wa pa makina, mphunzitsi wolemba pa bolodi ndi dalaivala wa minibasi sayang'ana pamtunda wofanana. Ana nthawi zambiri amawadontheza mankhwala m'maso asanawayeze, ndipo amaona mwachimbuuzi kwa maola angapo. Zimenezi si zoopsa.

Musatuluke musanafunse ngati ayang'ana ng'ala ndi kuyeza kupanikizika kwa m'kati mwa diso. Ng'ala yokhwima imachoka ndi opaleshoni, magalasi sangaithetse, pamene matenda a glaucoma, amene nthawi zambiri amayendera limodzi ndi kukwera kwa kupanikizikako, amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono popanda kupweteka, ndipo kuona kumene kwatayika sikubwereranso.

Pomaliza kuyeza, pemphani pepala la muyeso wanu ngakhale mutagula magalasi pomwepo. R kapena OD ndi diso lakumanja, L kapena OS ndi lakumanzere. Nambala ya SPH ikakhala ndi chizindikiro chochotsera ndiye kuti mumavutika kuona patali, ikakhala ndi chophatikiza ndiye kuti diso limavutika makamaka ndi zapafupi. CYL ndi AXIS zimayendera limodzi, ndipo zimakonza diso limene kutsogolo kwake sikunabulungike mofanana mbali zonse; AXIS imakhala pakati pa 1 ndi 180. ADD ndi mphamvu yoonjezera yowerengera, imene imayambira cha pa +1.00 munthu akangopitirira zaka 40 n'kufika cha pa +2.50 akamayandikira zaka 60. Nambala imene ambiri amaiwala ndi PD, mtunda wa pakati pa timwana ta maso awiriwo m'mamilimita, ndipo ikalakwika mutu umapweteka ngakhale nambala zina zonse zili zolondola.

Magalasi atsopano amatha kuchititsa chizungulire pang'ono masiku oyamba. Zikapitirira milungu iwiri, bwererani ndi pepala lija kuti akaone ngati magalasiwo anapangidwa monga mwa muyeso, ndipo n'chanzeru kugwirizana za kubwereraku musanalipire. Musawasiye padzuwa kapena m'galimoto yotsekedwa, chifukwa kutentha kwa kuno kumasendula utoto wapamwamba pa galasi ndi kupinda felemu. Kayezetseninso pakatha zaka ziwiri, koma a matenda a shuga azipita chaka chilichonse.