Onani kaye mapu a madzi a pansi musanaitane oboola mjigo

Mafumu, a komiti za chitukuko ndi nonse amene mukusonkherana ndalama za mjigo, malo oboola asasankhidwe poyang'ana kuti ali pafupi ndi khomo la ndani. Mjigo wouma umadya ndalama ngati womwe watulutsa madzi.

Pansi pa chigwa cha Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu pali thanthwe lolimba losasunga madzi. Madziwo amakhala m'mwala wofumbutuka umene uli pamwamba pake ndi m'ming'alu ya thanthwelo. N'chifukwa chake mjigo wina umadzaza ndowa chaka chonse, pomwe wina wa tsidya lina la mudzi womwewo umangolira mpope pofika Okutobala.

Ming'aluyi simungaione mukuyenda pansi, koma imadziulula pa zithunzi za setilaiti monga Landsat ndi Sentinel-2, zopezeka mwaulere pa intaneti. Chithunzi chabwino ndi cha m'chilimwe, tchire litapsa: mikuyu ndi mitengo ina yokonda chinyezi imaoneka yobiriwira, itandanda mzere woongoka, kapena kamtsinje kamakhota mwadzidzidzi potsata mng'alu. Akatswiri amaika zithunzizi m'kompyuta, mu pulogalamu yopangira ndi kusanthula mapu (GIS) monga QGIS, n'kusanjikizapo mapu a miyala, kutsetsereka kwa malo, madambo, mvula ndi mbiri ya mijigo yakale. Pamalo otsetsereka kwambiri madzi amathamanga osalowa pansi, choncho malo otere amagwa mayeso. Pomwe ming'alu iwiri yadutsana m'munsi mwa chitunda, pamenepo ndiye pofunika kupayang'anitsitsa.

Komatu mapu amangoloza dera, sanena kuti boolani pano. Sanenanso kukoma kwa madzi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi a pansi ndi ambiri, koma malo ena ndi amchere, osamweka. Motero pamalo pomwe mapu aloza, katswiri abwere ndi makina oyeza nthaka ndi magetsi, akhome zitsulo zake, asiye chikhomo. Woboola mjigo akafuna kusuntha chikhomocho chifukwa galimoto yake siyingafike bwino, kanani.

Yambirani ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu, ndipo mufunsenso za chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira madzi la National Water Resources Authority. Popita, tengani zomwe mukudziwa: zitsime zosaphwa, mijigo yomwe inauma, komanso pomwe pali zimbudzi, makola ndi manda. Mjigo ukatha, komiti isunge pepala losonyeza kuya kwake, pomwe madzi anapezeka ndi zotsatira za kuyeza madziwo.